NJERWA ZA KU ROMA

Kwathu ku Ntcheu, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita kumsika, mudali nyumba ina imene anthu odutsa ankaidziwa chifukwa cha udzu umene unkamera m'zipinda mwake. Zipupa zake zidakwera bwino ndithu mpaka kupitirira mazenera, koma denga padalibe, ndipo zidakhala choncho zaka 6, zikuvumbwa dzinja lililonse ndi kuuma m'chilimwe. Mwini wake wa nyumbayo ndidali ine. Njerwa ndidaumba ndi ana anga, uvuni tidawotcha tokha, mmisiri ndidamlipira pang'onopang'ono. Koma titafika pogula malata, ndalama zidayamba kuthera ku sukulu za ana ndi ku matenda a makolo. Banja lonse lidapitirira kukhala m'kanyumba ka lendi. Manyazi adandikulira kotero kuti pochokera kuntchito ndinkadzera njira ina yozungulira, kuopa kuonana ndi zipupa zangazo.

M'mwezi wa Okutobala 2018 akuluakulu a kuntchito adandisankha kuti ndipite ku Roma, likulu la dziko la Italy, ku maphunziro a masabata awiri a alangizi a zaulimi. Usiku woti mawa lake ndinyamuka, mayi a kunyumba adandilongedzera zovala ali chete, ndipo potseka chikwama adanena mawu ochepa: "Bambo, kangachepe kamene akakupatseni kumeneko, mukakumbukire denga." Mawuwo ndidawasunga. Pa ndalama zimene ankatipatsa zodyera ndidapatula mayuro 300, ndi kuwamanga pa kansalu kamene sikankachoka m'thumba la m'kati mwa jekete. Maphunziro atatha, tikiti yanga ya ndege idafuna kuti ndidikire masiku atatu. Nditalipira bedi m'chipinda chogona anthu 8 pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Termini, ndi kupatula ya basi yopita ku bwalo la ndege, ndidatsala ndi mayuro 30 okha, ndiye kuti khumi pa tsiku.

Anzanga ena a kumaphunziroko nawonso adatsalira, ndipo adapangana zokwera basi yoonetsa alendo mzinda ndi kulowa m'malo onse otchuka. Atandiitana ndidayankha kuti mutu ukundipweteka. Lidali bodza, ndipo ndikulivomera pano pamaso pa owerenga. Chimene chinkandipweteka chidali masamu. Chaka chimenecho kulowa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican kudali mayuro 17, ndipo kulowa mu Colosseum kudali mayuro 12. Mwa kuwerengera kwanga, tikiti ya mayuro 17 idali malata awiri. Malowa ali ndi Lamulungu limodzi pa mwezi limene anthu amalowa mwaulere, koma masiku anga adagwera pakati pa mwezi. Tsono ndidatenga mapu aulere kumene ndinkagona, ndidagula buledi ndi matimati, ndipo ndidatsimikiza mtima kuti Roma ndimuona wapansi.

Munthu wochepekedwa m'thumba, mnzake woyamba mumzindamo ndi madzi. M'misewu yambiri muli mipopi yachitsulo yofika m'chiuno, imene madzi ake ozizira ndi abwino kumwa amatuluka usana ndi usiku. Eni mzinda amaitcha nasoni, kutanthauza mphuno zazikulu, chifukwa cha kupindika kwa kampopi kake. Idayamba kuikidwa m'ma 1870 ndipo ilipo yoposa 2,000. Ndidaona mnyamata wina akutseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, madzi n'kutumphukira m'mwamba kudzera pa kabowo kena, iye n'kumwa popanda kapu. Ndidachita chimodzimodzi, ngakhale kuti ulendo woyamba ndidanyowetsa malaya. Masiku atatu onse sindidagule madzi ngakhale botolo limodzi.

Ndisanayende mphindi khumi kuchokera ku Termini, ndidafika pabwalo la Piazza della Repubblica, ndipo ndidaima chilili. Patsogolo panga padali khoma lopindika la njerwa zosapaka pulasitala, zodyeka ndi mvula, ndi zitseko ziwiri. Ndidati mumtima: kodi ngakhale ku Roma kuli anzanga olephera kumaliza nyumba? Nditalowa, mawondo adachita ngati alefuka. M'katimo mudali tchalitchi chotakasuka, denga lake lili kutali m'mwamba ngati mtambo, ndi nsanamira 8 za mwala wofiirira, iliyonse yosemedwa pa mwala umodzi. Dzina lake ndi Santa Maria degli Angeli. Poyamba sichidali tchalitchi ayi, koma mbali imodzi ya malo osambira amene adamangidwa m'nthawi ya mfumu Diocletian ndi kutsirizidwa mu 306, m'mene anthu pafupifupi 3,000 ankatha kusamba nthawi imodzi. Malowo adakhala bwinja zaka mazanamazana, kufikira mu 1561 pamene Papa Pius IV adapempha Michelangelo, nkhalamba ya zaka 86, kuti akonzemo tchalitchi. Mmisiriyo sadagwetse bwinjalo. Adaona kuti zipupa, nsanamira ndi denga n'zolimba, ndipo adazilandira monga zidalili.

Potuluka ndidaima nthawi yaitali ndikusisita njerwa za pakhomalo. N'zopyapyala ndiponso zazitali kuposa zathu, koma ndi dothi lowotcha lomwe lija limene tonse tikulidziwa. Pa zithunzi za m'mabuku ndinkayesa kuti Roma yense ndi wa miyala yoyera ya nsangalabwi. Koma nyumba zambiri zakale za mumzindamo thupi lake ndi njerwa ndi konkire; nsangalabwi idali chovala chabe, ndipo m'malo ochuluka chovalacho adachivula kalekale anthu ofuna miyala yomangira zina. Chimene chaima mpaka lero ndi ntchito ya oumba njerwa amene maina awo ambiri palibe akuwakumbuka.

Kuchokera pamenepo ndidayenda kamtunda pang'ono kufika pa mphambano ya akasupe anayi, pamene pali katchalitchi ka San Carlo alle Quattro Fontane. Eni ake adali ansembe a chipani cha Utatu Woyera ochokera ku Spain, amene ntchito yawo idali yowombola akapolo. Ndalama adali nazo zochepa, ndipo malo awo adali kangodya kopanikizika. Mmisiri Francesco Borromini adayamba kumanga katchalitchiko mu 1638. Popeza sakadatha kukuta zipupa ndi miyala yodula, adagwiritsa ntchito pulasitala woyera. Popeza malo adali ochepa, adapinda zipupazo kuti zizilowa ndi kutuluka ngati mafunde. Denga lake ndi lobulungira ngati dzira, lodzala ndi timaenje ta mitanda ndi maonekedwe ena, ndipo timaenjeto timanka tichepa pokwera m'mwamba, kotero kuti diso limayesa kuti dengalo lili patali kuposa m'mene lilili. Anthu a ku Roma amakonda kunena kuti katchalitchi konseka kangathe kukwana m'malo a chipilala chimodzi mwa zinayi zimene zanyamula denga la tchalitchi cha Petulo Woyera. Ndidakhala pabenchi theka la ola ndili ndekha. Basi ya anzanga sikadaima pamalo ngati amenewa. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chakumasana ndidatsikira pakati pa mzinda, ndidadya buledi wanga pafupi ndi mpopi, ndi kulowa m'tchalitchi cha Sant'Ignazio, chimene Ajezuiti adayamba kumanga mu 1626. Nditayenda pang'ono m'katimo ndidaona anthu ataima pa kamwala kozungulira kamene kali pansi, onse atayang'ana kumwamba. Nanenso ndidaima pomwepo, ndipo ndidaona denga lalitali lobulungira ngati mphika wovundikira, ndi nsanamira zake ndi kazenera kolowetsa kuwala pansonga. Koma nditasendera kutsogolo, dengalo lidayamba kupendekeka, kazenera kaja kadathawira pambali, ndipo ndidazindikira kuti pamwamba panga padali chinsalu chabe, chosalala ngati mphasa. Omanga tchalitchichi adakonza zodzaika denga lenileni lobulungira, koma ntchitoyo idakanika, ndipo chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi kuchepa kwa ndalama. Mu 1685 m'bale wina wa chipanicho, Andrea Pozzo, adajambula dengalo pa chinsalu ndi kutseka nacho malowo. Papita zaka zoposa 300, ndipo denga lenileni silidamangidwebe.

Ndidaseka ndekha, kenaka chisekocho chidandithera pakamwa. Ndidakumbukira mutu wanga wopweteka uja. Kodi chinsaluchi si bodza ngati langa? Nditalingalira ndidaona kusiyana kwake. Chithunzi cha Pozzo sichibisa kanthu kwa munthu woyenda masitepe khumi. Aliyense amatuluka akudziwa kuti ndalama zidaperewera, ndipo amatamanda nzeru za amene adapereŵeredwawo. Iwo sadatseke zitseko kudikira tsiku limene adzalemere. Adaphimba pamene padali poyera ndi chimene adali nacho, ndipo adalowa n'kuyamba kupempheramo. Ine ndidabisa kusowa kwanga kwa anzanga, ndipo kwathu ndinkazemba nyumba yanga yomwe.

Tsikulo ndidalitsiriza ku Pantheon, pamtunda wa mphindi zochepa kuchokera pamenepo. Nthawi imeneyo kulowa kudali kwaulere. Adayamba kulipiritsa mu Julaye 2023. Nyumbayi idamangidwa m'nthawi ya mfumu Hadrian cha m'ma 125, ndipo idasanduka tchalitchi mu 609, chimene chidaithandiza kuti isagwetsedwe. Denga lake lobulungira ndi lotambalala mamita 43, ndipo ndi la konkire wopanda chitsulo m'kati. Amisiri ake adadziwa kuti mdani wa denga ndi kulemera kwake komwe. Chifukwa chake m'munsi adalimanga lochindikala pafupifupi mamita 6 ndi miyala yolemera, ndipo pokwera ankalichepetsa ndi kusakaniza miyala yopepuka ya kumapiri ophulika, mpaka pansonga adasiya chibowo chotambalala kupitirira mamita 8. Kuwala konse kumalowera pamenepo. Mvula nayonso imalowera pomwepo, ndipo pansi pali timabowo totulutsa madzi. Ine amene ndidalira zaka 6 chifukwa cha mvula yogwera m'zipinda, ndidaima m'nyumba ya zaka pafupifupi 1,900 imene eni ake adapangana nayo mvula kuti izilowa ndi kutuluka mwaulemu.

Tsiku lachiwiri ndidalawirira ku Colosseum, bwalo lalikulu la masewera limene adayamba kumanga mfumu Vespasian ndipo adalitsegula mwana wake Titus m'chaka cha 80. Anthu pafupifupi 50,000 ankakhalamo kuonerera anthu ndi zilombo akuphana. Mzere wa ogula matikiti udali wautali; ine ndidalizungulira kunja kawiri, pang'onopang'ono. Woyenda kunja amaona zimene wothamangira kulowa saziona. Miyala yake ili ndi maenje ambirimbiri ngati mtengo wogogomoledwa ndi mbalame: m'menemo mudali zitsulo zolumikiza miyala, zimene anthu a m'zaka zapakati adazikolowola kuti akasule zipangizo zina. Mbali yakumwera ya khoma lakunja idagwa pa chivomezi cha mu 1349, ndipo miyala yakugwayo idatutidwa kukamangira nyumba za akuluakulu ndi matchalitchi. Pamene khomalo lidadukira pali chikhoma cha njerwa chochirikiza, chimene chidamangidwa m'nthawi ya Papa Pius VII kuti zotsalazo zisagwe.

Masana ndidawoloka mtsinje wa Tiber kupita ku dera la Trastevere, m'tchalitchi cha Santa Maria in Trastevere, chimene chidamangidwanso m'zaka za m'ma 1140. Kumeneko ndidaona kumene miyala yotutidwa m'mabwinja inkathera. Nsanamira zake 22 adazitenga m'nyumba zakale za Aroma, makamaka ku malo osambira a mfumu Caracalla. Munthu akaziyang'anitsitsa amaona kuti sizofanana: ina ndi yonenepa, ina yowonda, ndipo mitu yake ndi yosemedwa mosiyanasiyana. Amisiri adazilinganiza bwino kuti zinyamule denga limodzi, ndipo zalinyamula zaka zoposa 800. Ndidakumbukira mafelemu a mazenera akale amene mlamu wanga adafuna kundipatsa atagwetsa sitolo yake, ine n'kukana chifukwa sadali ofanana, ndiponso chifukwa sindidafune kuti anthu azinena kuti ndamanga ndi zotola. Madzulo ndidakwera phiri la Gianicolo, limene lili pamwamba pa deralo, ndipo ndidaona mzinda wonse uli pansi panga, madenga ake ofiirira ndi obulungira akuwala ndi dzuwa lolowa. Palibe adandifunsa tikiti.

Tsiku lachitatu ndidalisungira tchalitchi cha Petulo Woyera. Ndidafika m'mamawa mzere usanatalike, ndipo ndidadutsa pabwalo lake lozingidwa ndi nsanamira 284 zimene Gian Lorenzo Bernini adaimika pakati pa 1656 ndi 1667. Za ukulu ndi kukongola kwa tchalitchichi ambiri adalemba kale, ndipo ine sindingawonjezepo. Chimene chidandigwira mtima ndi zaka zake. Mwala woyamba adauika Papa Julius II mu 1506, ndipo tchalitchicho adachidalitsa Papa Urban VIII mu 1626. Ndiye kuti zaka 120, ndi apapa 20. Donato Bramante, amene adajambula mapulani oyamba, adamwalira mu 1514 ntchito ili kumayambiriro. Michelangelo adailandira ali ndi zaka 71, ndipo pomwalira mu 1564 adasiya khoma lozungulira lonyamula denga lili poyera, lopanda chovundikira. Adadzalitseka Giacomo della Porta mu 1590. Ana adabadwa mu Roma, n'kukula, n'kukalamba, n'kumwalira, akuona zipupa zosatha. Ndalama nazonso zidavuta, ndipo njira zina zimene zidatsatidwa pozifuna zidali pakati pa zinthu zimene zidautsa mkangano waukulu wa mu 1517 ku Germany. Apa ndidaphunzirapo kuti kuchedwa kumaliza nyumba kulibe choopsa chofanana ndi kufuna ndalama zake mwa njira yolakwika. Pakuti kangapo konse ndidaganizapo zokatenga katapila kuti anthu aleke kundiseka.

Nditatuluka ndidatsata khoma lalitali la Vatican mpaka pakhomo la nyumba zosungiramo zinthu zakale zija. M'katimo ndi m'mene muli Sistine Chapel, imene denga lake adajambula Michelangelo pakati pa 1508 ndi 1512, ndiponso m'mene makadinala amasankhira Papa. Ndidaimva mbiri yake kuyambira ndili mwana. M'thumba mudatsala mayuro 6, koma m'jekete mudali kansalu kaja. Ndidaima pamzere, ndidapisa dzanja m'jekete, ndipo ndidagwira mfundo yake. Ndidadziuza kuti pa 300 kuchotsapo 17 palibe angadziwe, ndiponso kuti mwina sindidzapondanso mumzinda uno moyo wanga wonse. Mzere udasendera, inenso ndidasendera. Koma nditayandikira pakhomo ndidaona m'maganizo mwanga ngodya ya chipinda cha ana ili poyera, malo a malata awiri, ndipo ndidatuluka pamzerepo. Ndidabwerera ku Termini wapansi, mtunda woposa makilomita 4, mapazi atatupa, mtima uli wolemera. Sindinganame kuti ndidakondwa.

Madzulo amenewo ndidakumana ndi mmodzi wa anzanga aja, bambo wachikulire wa ku Ghana, ndipo adandifunsa za mutu wanga. Ndidamuuza zoona zake zonse, za nyumba, za malata ndi za kansalu. Sadandiseke. Adati iyenso kwawo ali ndi maziko amene adakhala zaka zambiri akudikira zipupa, ndipo adandipempha kuti ndimlembere pa mapu ake pamene pali tchalitchi cha denga la chinsalu, kuti akachione m'mawa asananyamuke.

Nditafika kwathu ndidapereka kansaluko kwa mayi a kunyumba mfundo yake ili chimangire, ndipo ndidawafotokozera za pamzere paja, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo adandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Bambo inu, malata awiri okha? Mukadalowa. Tadikira zaka 6, tikadalephera kudikira mwezi wina umodzi?" Mpaka lero sindidziwa kuti wolondola adali ndani pakati pa ife awiri. Pali kusunga kwanzeru, ndipo palinso kuumira kumene kumamana munthu chinthu chimene sichidzabweranso. Malire ake saoneka bwino ukakhala pamzere, dzanja lili m'jekete.

Ndalamazo sizidakwane denga lonse. Kale ndikadati tidikire mpaka zidzakwane. Koma ulendo uno ndidaitana kalipentala, tidafolera zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndipo ndidapita kwa mlamu wanga kukapempha mafelemu aja, amene mwamwayi adali asanawapereke kwa wina. Tidazula udzu, tidazira pansi, ndipo tidalowa m'nyumbamo mvula ya 2018 itangoyamba. Ndalama imene tinkalipira lendi idayamba kugula malata, awiri mwezi uno, atatu mwezi wamawa, ndipo chipinda chomaliza tidachifolera mu 2020. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kunja sitidapakebe pulasitala, ndipo mazenera akumaso ndi osiyana ndi akumbuyo.

Owerenga anzanga, m'midzi ndi m'matauni mwathu muli zipupa zambiri zodikira denga, ndipo kuseri kwa chipupa chilichonse kuli munthu amene amadzera njira yozungulira. Kwa iyeyo ndikuti: mzinda umene anthu amawoloka nyanja kukauona udamangidwa ndi anthu amenenso ndalama zinkawathera, amene ankatola nsanamira m'mabwinja, ndi kusiyira ana awo ntchito imene iwo sadathe kuitsiriza. Ndipo kwa amene adzapeze mwayi wopita kumeneko ndi thumba lopepuka ndikuti: musaope, tengani nsapato zolimba ndi botolo lotungira madzi, lowani pakhomo lililonse lotsegula, ndipo muziyang'ana kumwamba. Koma mukakambirane ndi a kunyumba musananyamuke za tikiti imodzi ija, kuti mukadzafika pamzere mudzadziwe chochita.

Masiku ano pochokera kuntchito ndimadzera msewu wa kumsika. Dzuwa likapendeka, njerwa za nyumba yathu zimafiira ngati zija ndidasisita pa Piazza della Repubblica, ndipo nthawi zina ndimaima kaye pamsewu kuziyang'ana ndisanalowe.